Nyumba ya amonke ku Mafra: malimba 6, mileme ndi matikiti

Nabanda (Lisbon): Muli bwanji nonse pagulu pano? Paja ndinalonjeza kuti ndikakafika ku nyumba ya amonke ija ya ku Mafra, kuno ku Portugal, ndidzakusimbirani. Dzulo Lamlungu ndinapita, ndipo miyendo ikuwawabe mpaka pano. Basi umakwerera pa Campo Grande mu Lisbon muno, sikutali, ulendo wake sukwana ola. Ukamayandikira zimayamba kuoneka ndi nsanja ziwiri za mabelu, ukatsika ndiye umangoti kakasi, chifukwa khoma lakumaso lokha ndi lotalika mamita oposa 200. Tauni yonse ya Mafra imangooneka ngati anapiye pambali pa thadzi.

Anamangitsa ndi mfumu João V ya Portugal, ntchito inayamba pa 17 Novembala 1717. Nkhani yake ndi ya chowinda. Mfumuyo inakwatira Maria Ana wa ku Austria mu 1708, zaka zitatu zinadutsa nyumba ili zii, ndiye inawinda kuti Mulungu akaipatsa mwana idzamangira amonke nyumba. Mwana wamkazi, Maria Bárbara, anabadwadi mu 1711. Poyamba ankati kanyumba ka amonke 13. Pomaliza inali ya amonke 300, kuphatikizapo tchalitchi chachikulu, nyumba yachifumu, laibulale, chipatala ndi nkhalango yosakamo nyama kuseri kwake. Lero amonke mulibe ndi mmodzi yemwe. Umagula tikiti, n'kumayenda m'zipinda zawo, ndipo m'tchalitchimo mumachitika makonsati.

Mjomba wa pa Joni: Kuchoka pa 13 kufika pa 300? Mfumuyi iyenera kuti inalemba kontilakita wa kwathu konkuno. Umamuuza za boizikota, iye akukupatsa koteshoni ya hotela.

Mayi a Mvano: Zikomo a Nabanda, zithunzi zija ndaziona. Koma nditandizeni ine wa CCAP, mawu akuti Baroque mwalemba pa zithunzizo akutanthauza chiyani? Ndi dzina la woyera mtima?

Mmisiri (Leeds): Ayi Mayi, ndi dzina la kamangidwe. Kanayambira ku Roma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, n'kufalikira ku Ulaya konse mpaka cha m'ma 1750. Nthawi imeneyo n'kuti mpingo wa Katolika ukulimbana ndi kugalukira kwa a Luther ndi a Calvin, makolo anu inu a CCAP. A Calvin ndi owatsatira ankati tchalitchi chikhale choyera, chopanda zosema, munthu amve Mawu basi. Aroma anayankha ndi miyala: denga lalitali lozungulira ngati nkhali yovundikira, kuwala kutsika kuchokera kumwamba, ziboliboli zooneka ngati mphepo ikuuluza zovala zake, miyala ya mitundumitundu. Cholinga chinali choti munthu akangolowa, maondo afooke asanamve ndi ulaliki womwe. Mafumu anaona kuti nzeru imeneyi ingawathandizenso iwo, n'kuyamba kumanga nyumba zawo chimodzimodzi. Ku Mafra zinthu ziwirizi zili pa khoma limodzi: tchalitchi pakati, nsanja ya mfumu mbali ya kumpoto, nsanja ya mfumukazi mbali ya kummwera. Amene anajambula pulani anali Mjeremani, Johann Friedrich Ludwig, kumeneko amamutchula kuti Ludovice. Ntchito imene anaphunzira poyamba inali yosula golide ndi siliva, ndipo anakhalapo ku Roma, n'chifukwa chake nyumbayo imanunkhira Chitaliyana.

Mayi a Mvano: Oo, ndiye kuti anamanga pofuna kutiyankha ife. Chabwino, tayankhidwa.

Aphunzitsi (Dedza): Ana anga, ndawerenga bwinobwino. Choyamba ndikonze pang'ono: amene ankakhala mmenemo sanali amonke otsekeredwa, anali mabulazala ndi ansembe a chipani cha Fransisko Woyera, anthu olumbira umphawi. Tangoganizani, olumbira umphawi kuwamangira nyumba ya zipinda 1,200. Koma imene yandikhudza si imeneyo. Nabanda mwana wanga, wati unagula tikiti. Tikiti yolowera m'nyumba imene inaperekedwa kwa Mulungu mwa chowinda? Chinthu chikawindidwa sichibwereranso kwa mwini wake, ngakhale kumudzi kuno timadziwa zimenezo. Mbuzi ya nsembe sukaigulitsa pa msika chifukwa choti mwana uja wachira. Ndipo tonse tikukumbuka zimene zinaonekera osinthitsa ndalama m'kachisi muja.

Nabanda (Lisbon): Aphunzitsi, ndinadziwa kuti mufika pamenepo, ndipo funso lomwelo linali m'mutu mwanga ndili pamzere. Koma ndifotokoze. Tchalitchicho ndi parishi mpaka lero, Misa imachitika, ana amabatizidwa, maukwati amadalitsidwa. Ine ndinayamba ndi Misa ndipo palibe anandifunsa tikiti. Tikiti ndi ya mbali ya nyumba yachifumu ndi zipinda za mabulazala aja. Komanso sikuti mabulazalawo anatuluka okha n'kuika nyumba pamalonda. Mu 1834, nkhondo yapachiweniweni itatha, boma linathetsa zipani zonse za amuna m'dziko lonse la Portugal n'kulanda nyumba zawo. Nduna imene inasaina lamulolo, Joaquim António de Aguiar, anthu anaipatsa dzina loti Mata-Frades, kutanthauza wopha mabulazala. Ndiye funso silinali loti mukhale mabulazala kapena alendo. Linali loti mukhale alendo kapena akadzidzi.

Mjomba wa pa Joni: Kapena asilikali. Si mwalemba pa chithunzi chija kuti mbali ina muli asilikali?

Nabanda (Lisbon): Eya malume, gawo lalikulu la kumene kunkagona mabulazala lili m'manja mwa asilikali kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka pano muli sukulu yawo. Kumeneko mlendo safikako mwachisawawa. Ndiye pakhomo limodzi pali wansembe, msilikali ndi wogulitsa matikiti.

Wa ku Angónia: Abale anga, ine ndakhala ndili chete koma nkhani iyi ndi ya atsamunda athu, ndiye ndiloleni. Aphunzitsi akudandaula za kupatulika kwa nyumbayo. Ine ndikufunsa: inapatulika liti? Ndalama zimene zinasandutsa 13 kukhala 300 sizinagwe kumwamba. Anali golide wa ku Minas Gerais ku Brazil, amene anapezeka cha m'ma 1690, ndipo mfumu inkatengapo gawo limodzi mwa magawo asanu alionse. Ankakumba golideyo ndani? Akapolo ochokera ku Africa, ambiri a ku Angola ndi kugombe la kumadzulo. Athu a m'chigwa cha Zambezi anadzatengedwa ochuluka pambuyo pake, kudzera pa Quelimane, koma msika wake unali womwewo. Ndiye mukamaona ziboliboli 58 za m'tchalitchimo, za miyala ya ku Italy, muziona ndi msana wa munthu wakuda ataima m'madzi tsiku lonse akusefa mchenga.

Ngakhale Apwitikizi eni akewo sanamange mwa kufuna kwawo. Pofuna kuti tchalitchi chidalitsidwe pa tsiku lobadwa la mfumu, 22 Okutobala 1730, anasonkhanitsa anthu pafupifupi 45,000 kuchokera m'dziko lonse, ambiri mowakakamiza, asilikali atawazinga kuti asathawe. Inu ku Malawi mumati thangata, ife kuno tinkati chibalo. Agogo anga ankasimba za chibalo cha misewu ndi thonje. Nditawerenga za Mafra ndinati, kani anayambira kwawo.

Aphunzitsi (Dedza): Achimwene a ku Angónia, pamenepo sinditsutsa. Koma tchimo la womanga silichotsa dalitso la guwa. Kachisi wa ku Yerusalemu naye anamangidwa ndi thangata.

Wa ku Angónia: Zoona Aphunzitsi. Koma ndiye musati tikiti ndi imene yaipitsa malowo. Kwa ine tikiti ndi imene yawatsegula. Nthawi ya mfumu, mdzukulu wa kapolo kapena wa mmisiri wogwidwa uja akanaponda m'chipinda cha mfumukazi? Lero mlongo wathu Nabanda wa ku Ntcheu wayendamo, wajambula, watitumizira. Chimene ndingadandaule n'chakuti kodi amawauza alendo kumene kunachokera ndalamazo?

Nabanda (Lisbon): Za golide wa ku Brazil amanena, ndipo amanena monyadira. Amene ankatitsogolera ife anatchula golide kangapo konse, za okumba golideyo sanatchule mpaka mtsikana wina wa ku Brazil atafunsa. Anayankha bwino ndithu, sanazembe, koma zinatengera kufunsa.

Mkulu wa Kwaya (Area 25): Pepani ndilowerere, ine mtima uli dyokodyoko. A Nabanda, za malimba zija! Mwangolemba kuti 6 n'kudutsa ngati mukunena za mipando. Munawamva?

Nabanda (Lisbon): Achimwene, n'chimene ndinasankhira tsiku la dzulo. Ndinawamva onse 6 nthawi imodzi. Ali pamwamba, awiri pafupi ndi guwa lalikulu, anayi m'mapiko a tchalitchi, atayang'anizana. Oyimba ake ndi 6, aliyense pa limba lake. Sindidziwa kufotokoza nyimbo ngati inu, koma zinali chonchi: wina amayamba kumanzere chapansipansi, wina amamuyankha kumanja, kenako mawu amachokera kumbuyo kwako, ndiye onse akagundira pamodzi benchi imanjenjemera, m'chifuwa mumachita ngati mwalowa ng'oma. Mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye anangogwira dzanja langa, osandidziwa n'komwe.

Mkulu wa Kwaya (Area 25): Mayo ine! Ndiye mumve mbiri yake, chifukwa iyi ndinaifufuza kalekale. Malimba amenewa si a nthawi ya João V, anapangidwa pambuyo ndi amisiri awiri, António Xavier Machado e Cerveira ndi Joaquim António Peres Fontanes, ndipo anamalizidwa mu 1807. Anawapanga dala kuti azilira pamodzi, ndipo padziko lonse palibe kwina kumene kuli malimba 6 opangidwira limodzi motero. Panalembedwa nyimbo zoti sungaziyimbe kwina kulikonse koma m'tchalitchi chimenecho. Tsono tsoka lake, chaka chomwecho cha 1807, mu Novembala, banja lachifumu linathawira ku Brazil poopa asilikali a Napoleon. Patangopita zaka zochepa limba limodzi linaphwasulidwa, ndipo kuyambira pamenepo 6 aja sanalirenso pamodzi kwa zaka pafupifupi 200. Anadzawakonza ndi mmisiri Dinarte Machado, ntchito ya zaka zoposa 10, inatha mu 2010.

Ndiye Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, tamverani. Limba si chiboliboli choti ungachitsekere n'kuchipeza chili chomwecho. Mkati mwake muli zikopa, matabwa, mipope ya mtovu ndi chitini. Likakhala osalizidwa zikopa zimauma n'kung'ambika, fumbi limatseka mipope, mbewa zimamanga. Mankhwala a limba ndi kuliliza. Parishi ya tauni yaing'ono singalipire oyimba 6 ndi wokonza malimba 6. Makonsati aja ndi amene akuwasunga amoyo.

Mmisiri (Leeds): N'chimodzimodzi nyumba yonseyo. Kumudzi timadziwa kuti nyumba ya udzu yosasonkhamo moto siichedwa kugwa, utsi ndi umene umathamangitsa afumbwe kudenga. Nyumba ya miyala nayo imafuna mapazi. Munthu akamayendamo ndiye amaona kuti apa padontha, apa windo lasweka. Ku Mafra zitseko ndi mawindo zilipo zoposa 4,700, masitepe 156. Ingowerengerani penti yokha. Mabelu aja anafika pokhala chete zaka zambiri chifukwa mitengo yowagwira inali itaola, ena anachita kuwachirikiza ndi zitsulo kuti asagwere anthu. Anayambanso kulira mu 2020 atawakonza.

Mjomba wa pa Joni: Mabelu angati kodi? Ku parishi kwathu belu ndi limu ya thirakitala yopachika pa mtengo wa mango, ndipo imagwira ntchito bwinobwino.

Nabanda (Lisbon): Hahaha malume! Oyimbira nyimbo okha alipo 98 m'nsanja ziwirizo, ena anawaumba ku Antwerp, ena ku Liège. Si ongogogoda ayi, munthu amakhala pansanja n'kumamenya timitengo ndi zibakera ndi mapazi, mabelu n'kumayimba nyimbo yeniyeni, tauni yonse kumamva. Pali nthano imene amakonda kusimba, yoti mfumu itauzidwa mtengo wa gulu limodzi la mabelu, anthu akuyembekeza kuti ikomoka, inangoti sindimadziwa kuti n'zotchipa chonchi, ndipatseni awiri.

Mjomba wa pa Joni: Ndalama yosakhetsera thukuta imalankhula choncho. Ndimawaona kuno pa mapeto a mwezi.

Mayi a Mvano: Ine chimene chandigwira mtima pa zithunzi zonse si golide, ndi chipatala chija. Tafotokozani a Nabanda, inu ndinu namwino.

Nabanda (Lisbon): Mayi, pamenepo ndi pamene ndinaima nthawi yaitali, mpaka gulu langa linandisiya. Ndi chipinda chachitali, mbali zonse tizipinda ta matabwa totchinga ndi makatani, kalikonse bedi limodzi. Kumapeto kwake kuli guwa. Lamlungu ankakokera mabedi pakati kuti wodwala aliyense aone wansembe ali chigonere. Ndinaganiza za mawodi amene ndagwiramo ntchito, mmene timavutikira kuti wodwala akhale ndi malo akeake koma asakhale yekhayekha. Anthu awa anaiganiza kale nkhani imeneyi zaka 300 zapitazo. M'zipinda za mfumu ndinangodutsa, muli mipando yopangidwa ndi nyanga za agwape ndi mitu ya nguluwe pakhoma, zoti ine sizinandisangalatse n'komwe. Koma kachipinda ka bulazala, bedi la thabwa, tebulo, mtanda, basi, kali pansi pa denga lomwelo ndi zonsezo.

Aphunzitsi (Dedza): Ndiye anthu amajambulamo maselefi mmenemo?

Nabanda (Lisbon): Amajambula, Aphunzitsi, sindinama. Ndipo m'tchalitchi, Misa itangotha, ena analowa atavala ngati akupita kunyanja, poti gombe la Ericeira ndi pafupi. Zinandinyansa. Koma ndinaonanso bambo wina atalowa ndi kamera pakhosi akutafuna chingamu, atafika pansi pa denga lozungulira lija anavula chipewa yekha popanda womuuza.

Mmisiri (Leeds): Ndi ntchito imene Ludovice analipidwira imeneyo. Ikugwirabe.

Mjomba wa pa Joni: Tafikani pa mileme, anthuni. Ine ndadikira kuyambira mmawa. Akuti mileme ndi yolembedwa ntchito?

Nabanda (Lisbon): Yolembedwa ntchito, malume, koma yopanda malipiro. Laibulale yake ndi ya mamita 88 m'litali, pansi miyala yosalala yofiirira, yotuwa ndi yoyera, mashelefu a matabwa osema mpaka kudenga, mabuku oposa 30,000 okutidwa ndi zikopa. Sakulola kuyenda mpaka mkati, umaima chakukhomo n'kumasuzumira. Mdani wa mabuku akale ndi tizilombo todya mapepala ndi guluu. Ndiye muli timileme ting'onoting'ono, masana timabisala kuseri kwa mashelefu, usiku timatuluka n'kumadya tizilomboto. Ine sindinaone wamoyo, koma pali kabokosi ka galasi momwe aikamo touma kuti alendo akhulupirire. Ku laibulale yakale ya yunivesite ya Coimbra, konkuno ku Portugal, nakonso ili, kumeneko madzulo alionse amafunditsa matebulo ndi zikopa chifukwa cha zitosi. Chinanso, Papa Benedicto XIV analemba kalata yoti aliyense wotulutsa buku mmenemo popanda chilolezo cha mfumu achotsedwe mumpingo, ndipo analola kuti asungemo ngakhale mabuku amene mpingo unaletsa kuwerenga.

Mjomba wa pa Joni: Kuchotsedwa mumpingo chifukwa chosabweza buku! Lamulo limeneli likanakhala ku sekondale kwathu, kalasi yathu yonse bwenzi ili akunja. Komatu nyumba yanuyo nayo ndi mleme. Kwa mbalame akuti ndiwe mbewa, kwa mbewa akuti ndiwe mbalame. Tchalitchi si tchalitchi, nyumba ya mfumu si nyumba ya mfumu, kampu si kampu.

Aphunzitsi (Dedza): Mjomba, nthabwala zanu nthawi zina zimakhala ndi fupa. Nkhani ya mileme yandikumbutsa chinthu chimene sindinkafuna kunena. Chaka china ndinapita ku mishoni ina yakale, sinditchula dzina, kukafuna kaundula wa ubatizo wa malemu bambo anga. Tinkafuna chaka chenicheni chimene anabadwa kuti tilembe pa chiliza. Mnyamata wa mu ofesi anandilandira bwino, ananditengera ku kachipinda ka kuseri, anatsegula kabati. Ana anga, mabuku aja ukawagwira ankangoyoyoka ngati chigumu chouma. Chiswe chinalowa pansi, chinadya kuyambira 1920 mpaka chakumapeto kwa 1930, n'kusiya zikuto zokha zili chiimire ngati zilipo. Dzina la bambo anga linadyedwa ndi chiswe. M'chipinda chomwecho munali limba laling'ono lopopa ndi mapazi limene tinkayimbira tili ana, nkhuku zikuikira mazira mkati mwake. Palibe anagulitsapo tikiti pamenepo. Palibe mlendo wovala kabudula anaipitsapo. Tinaziwononga tokha, mwaulemu wonse, pozitsekera.

Sindikuti ndasintha maganizo. Konsati pamaso pa guwa, anthu kuwomba m'manja atafulatira tabernakulo, ine sizidzandikomera mpaka kufa. Koma chiliza cha bambo anga chili ndi chaka chongoganizira.

Mayi a Mvano: Pepani Aphunzitsi. Zimenezi si za Akatolika okha. Kwathunso mabuku a sesoni akale ali m'makatoni pansi pa bedi la abusa, abusa akasamuka katoni ina imasochera panjira.

Mkulu wa Kwaya (Area 25): Pepani bambo. Pa za kuwomba m'manja, zambiri mwa nyimbo zimene amaliza pa malimba aja zinalembedwera Misa ndi mapemphero a m'tchalitchi momwemo. Ndiye mwina tinene kuti nyimbozo zabwerera kwawo, kungoti obwera kudzamvera ndi amene asintha.

Aphunzitsi (Dedza): Nyimbo ya Misa popanda Misa ndi ndiwo zopanda nsima, mwana wanga. Umadya, koma sunena kuti ndadya.

Wa ku Angónia: Kwathu kuno chitsanzo chilipo. Pa Ilha de Moçambique pali nyumba yofiira ija, Palácio de São Paulo. Inamangidwa mu 1610 ngati koleji ya Ajezuwiti. Atathamangitsidwa mu 1759 inasanduka nyumba ya bwanamkubwa, lero ndi nyumba yosungiramo zakale, ndipo kachalitchi kake kali momwemo ndi guwa lake losemedwa. Ikanasiyidwa bwenzi mitengo ya kachere itamera m'makoma ngati nyumba zina za pachilumbapo. Ndipo ife tinaonanso zathu za 1834: mu 1975 boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni. Zina zinasamalidwa, zina nkhondo inamaliza. Mukadzafika ku Tete mudzapite ku Boroma mukaone tchalitchi cha Ajezuwiti chili pa phiri moyang'ana Zambezi, mudzamvetsa chimene ndikunena, kukongola kwake ndi kutopa kwake.

Mmisiri (Leeds): Nanga ku Malawi sitikuchita kale zimenezi? Mandala House ku Blantyre, ya 1882, muli malo oonetsera zojambula, kumwamba laibulale ya zakale. Stone House ku Livingstonia, nyumba ya Dr Laws, muli zakale ndipo alendo amagonamo. Kusiyana kwake ndi kukula basi.

Aphunzitsi (Dedza): Mwaiwala pakhomo panga penipeni. Ku Mua, mishoni ya 1902, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976. Alendo amalipira kuti aone zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana m'nyumba ya Chamare, pabwalo la mishoni, tchalitchi chili poteropo. Kunena zoona, zitayamba ena a ife tinang'ung'udza kwambiri, tinkati zinyau pa mishoni? Lero mlendo wanga aliyense ndimapita naye kumeneko, ndipo ndimalipira ndine.

Mjomba wa pa Joni: Aphunzitsi agwidwa! Tikiti ya ku Mua ndi yoyera, ya ku Mafra ndi yachikunja.

Aphunzitsi (Dedza): Ku Mua ansembe alipo, Mjomba, sanathamangitsidwe. Mwini nyumba akaitana alendo ndi zina, alendo akalowa mwini nyumba atapirikitsidwa ndi zinanso. Koma ndavomera kuti mwandipanikiza.

Nabanda (Lisbon): Pa za kupirikitsidwa, nawo eni chowinda aja zinawaonekera. Chipinda chomaliza chimene anationetsa, mu nsanja ya kummwera, ndi chimene anagonamo Manuel II, mfumu yomaliza ya Portugal, usiku wake womaliza m'dzikomo. Kutacha pa 5 Okutobala 1910 n'kuti ku Lisbon alengeza kuti ufumu watha, iye anatsikira ku Ericeira, anakwera bwato la asodzi kupita pa sitima, osadzabwereranso wamoyo. Anali mnyamata wa zaka 20. Bedi lili pomwepo, loyalidwa. Chaka chotsatira nyumbayo inatsegulidwa kuti anthu wamba azidzaona. Ndiye kuyambira 1911 ndi ya alendo, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2019, pamodzi ndi munda wake ndi nkhalango ija.

Mmisiri (Leeds): Ndipo anadzakhala kuno ku England, ku Twickenham, n'kumwalira mu 1932. Ntchito imene anaipeza ku ukapolo wa ndale kuno inali yosonkhanitsa ndi kulemba za mabuku akale a Chipwitikizi.

Mayi a Mvano: Nanga mwana wa chowinda uja, Maria Bárbara, anakhalamo m'nyumba yakeyo?

Nabanda (Lisbon): Ayi Mayi, anakwatiwa ku Spain mu 1729, tchalitchi chisanadalitsidwe n'komwe, ndipo anadzakhala mfumukazi ya kumeneko. Ngakhale bambo ake sanakhalitsemo, ankangobwera masiku ochepa. Mafumu ambiri ankaiona ngati nyumba yofikira akabwera kosaka.

Mkulu wa Kwaya (Area 25): Koma mtsikana ameneyo anali katswiri wa nyimbo, mphunzitsi wake anali Domenico Scarlatti, ndipo anapita naye ku Spain. Ndiye kwa ine nyumba ya chowinda chake kukhala ya nyimbo, mzimu wake sungadandaule.

A Nabanda, pempho. Mukadzapitanso mudzandijambulire ngakhale mphindi ziwiri, foni mudzaiike pa benchi kuti kunjenjemera kuja kudzamveke. Ndikufuna ndikamvetse ana a kwaya, amaganiza kuti limba ndi kiyibodi ya mabatire.

Nabanda (Lisbon): Pa konsati anatipempha kuzimitsa mafoni, achimwene, ndiye sindikulonjeza. Koma mabelu aja ndi a aliyense, amamveka ngakhale uli pa basi siteji, amenewo ndidzakujambulirani. Ndikufuna ndidzapitenso mwezi wamawa chifukwa nkhalango ija sindinafikeko, akuti agwape ndi nguluwe zimayenda poyera. Amene muli kuno ku Portugal kapena mukubwera, tiyeni tidzapitire limodzi, koma lisakhale Lachiwiri, amatseka. Nsapato zikhale zafulati.

Wa ku Angónia: Mudzagule tofufumitsa tija amati fradinhos, timabulazala, ta nyemba ndi mazira. Mabulazala anapita koma dzina lawo likugulitsidwa mu bekale.

Aphunzitsi (Dedza): Nabanda, ukadzapita udzandiyatsire kandulo m'tchalitchimo, ya malemu bambo anga. Ndalama yake ndipatsira mayi ako ku Ntcheu. Ndipo a Mmisiri, ndiyankheni kumbali: kabati ya chitsulo yotseka bwino, yoti chiswe chisalowe, ingakwane ndalama zingati ku Lilongwe? Mabuku a 1940 kupita mtsogolo ndinawasiya ali bwinobwino, koma papita zaka zinayi.

Mmisiri (Leeds): Ndikuimbirani madzulo ano, Aphunzitsi. Kabati yokha siikwanira, iyenera kukhala pa miyendo, yotalikirana ndi khoma, ndipo masamba onse tiwajambule ndi foni tisanawatsekere. Mudzafunika anyamata awiri a manja oyera ndi chilolezo cha bambo mfumu.

Mjomba wa pa Joni: Mileme ndibweretsa ndine pa Khirisimasi. Kudenga kwa agogo ilipo yambiri, ikungokhala osagwira ntchito.